*DAYISI IKAGWA YAGWA: LAMULO LOBWERA PAMBUYO NDI UMBAVA*

Anyamata anzanga a m'madooko monse, kuyambira ku Msaka, Chembe, Malembo, Senga Bay mpaka kukafika ku Nkhotakota, pamodzi ndi inu alongo athu amene masiku ano mukutidyera ana pa Ludo mopanda chisoni: Uthengawu ndi wautali, koma kuwerenga sikudya bandulo. Werengani mpaka pansi musanayambe kunditukwana.

Tonse tikudziwa nthawi imene bolodi ya Ludo imatuluka. Mwera ukakalipa mu Juni ndi Julayi, maboti amagona kumtunda. Mwezi ukawala kwambiri, usipa sulabadira nyali zathu, siginala amangodzivutitsa. Nyanja ikatsekedwa mu Novembala ndi Disembala kuti chambo chiswane, makoka amapachikidwa. Masiku oterowo ukatha kusoka maukonde umatani? Ena bawo, ena drafuti, ena makhadi, ambirife Ludo pamthunzi wa thandala. Palibe choipa pamenepo. Choipa n'chakuti masewera amene ana a Sitandade 3 amasewera mwamtendere, ife anthu a ndevu zathu tikumathera nawo kugwirana m'makolala.

Ndiye anthu amati dayisi ndi yoyambanitsa. Bodza limenelo. Dayisi ilibe m'bale, ilibe mdani, sidziwa kuti uyu ndi mwini boti, awa ndi alovi. Woyambanitsa ndi munthu amene amadikira kaye kuti dayisi igwe, aone nambala, kenako n'kusolola lamulo m'thumba. Ine ndikunena poyera: lamulo lililonse lobadwa dayisi itagwa kale ndi umbava. Kaya walinena ndi mkulu, kaya ndi mwini bolodi, kaya ndi mlamu wako, ndi umbava basi.

*Tiwatchule mmodzimmodzi*

Woyamba ndi katswiri wa mumchenga. Dayisi ikadumpha pabolodi n'kugwera pansi, iye ndiye amathamanga kukaiona. Ikakhala sikisi mumva, "Yagwa yagwa amwene, dayisi ilibe malire." Ikakhala wani, pakamwa pomwepo, "Aaa iyi yagwera panja, ndibwereze." Munthu mmodzi, tsiku limodzi, malamulo awiri. Eti tizingoyang'ana?

Wachiwiri ndi wa dayisi yotsamira. Dayisi yatsamira pa mwana kapena pamzere wopindira bolodi, ikuonetsa folo mbali iyi, sikisi mbali iyo. Iye amapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona kabawi mpaka aone nambala imene mtima wake ukufuna. Anzake ena amachita kugunda bolodi ndi bondo, ati mwangozi, kuti igwere kumene akufuna.

Wachitatu ndi wosaponya. Amaika sikisi pamwamba, n'kugwira dayisi ndi zala ziwiri, n'kuitsetsereketsa pabolodi. Dayisi siinagubuduke ngakhale kamodzi, koma iye wakuwa kale. Aise, kumeneko n'kuika. Tikanafuna kumaika manambala tokha, bwenzi aliyense akungotchula imene akufuna, dayisi tikanagulira chiyani?

Wachinayi ndi wa dzanja lachangu. Aponya, n'kutola dayisi anzake asanaione bwino, "faifi!" Mwana wayenda kale, wadya kale. Msuweni wake ndi uja amawerenga mothamanga ngati akuthawa ngongole, chala chikudumpha bokosi limodzi kuti akatere pamutu pa mwana wako.

Wachisanu, mkulu wa onsewa, ndi mwini bolodi. Poti anagula ndi iye, amaganiza kuti anagulira limodzi ndi malamulo. Mnzake akapeza masikisi atatu amati, "Pabolodi panga masikisi atatu amapsa." Dzulo atawapeza iye sanapse. Mukatsutsa amapinda bolodi n'kuika kukhwapa, gemu yathera pomwepo. Achimwene, munagula katoni ndi timapulasitiki. Chilungamo sichinali m'paketimo.

Ngati padooko panu palibe mmodzi mwa asanuwa, ndiye kuti simusewera.

*Kusiyana kwa malamulo si vuto*

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti pali kasewereredwe kamodzi kamene aliyense ayenera kutsata. Dooko lililonse lili ndi zake. Kwina masikisi atatu otsatizana amapsa, kwina umangopitiriza. Kwina ana awiri a munthu mmodzi akakhala bokosi limodzi amatseka njira, kwina umangowadumpha. Kwina ukadya umaponyanso. Kwina sulowa kwanu usanadyeko mwana wa munthu. Zonsezi ndi Ludo, palibe wolakwa.

Ndipotu Ludo yeniyeniyo inabadwa chifukwa anthu anasintha malamulo a masewera ena. Kholo lake ndi Pachisi, masewera akalekale a ku India. Ankasewera pansalu yooneka ngati mtanda, ndipo m'malo mwa dayisi ankaponya tizigoba ta nkhono za m'nyanja yamchere, n'kuwerenga timene tagwa chagada. Dzinalo limachokera ku mawu otanthauza 25, nambala yaikulu imene munthu akanapeza poponya kamodzi. Angerezi anawatenga masewerawa n'kuwafewetsa, kuikamo dayisi ndi kakapu koponyera, n'kuwalembetsa ku England ndi dzina lakuti Ludo, mawu a Chilatini otanthauza "ndikusewera". Gwirani pamenepo: kakapu kanalipo kuyambira pachiyambi. Ife ndi amene tinakataya.

Ku America abale ake a Ludo amawatcha Parcheesi, amaponya madayisi awiri, ndipo mwana amatuluka m'nyumba ndi faifi. Ku Spain amati Parchís. Kumenekonso amatuluka ndi faifi, ukadya mwana wa mnzako umapatsidwa mabokosi 20 aulere, ndipo masikisi atatu otsatizana amabweza kunyumba mwana amene wamuyendetsa komaliza. Ku Germany dzina lake ndi Mensch ärgere Dich nicht, kutanthauza kuti "munthu iwe, usapse mtima". Kumeneko ngati ulibe mwana panjira amakulola kuponya katatu kuti usake sikisi. Taonani, nawonso anaona kuti masewerawa amawiritsa magazi, mpaka chenjezo analiika pa dzina penipeni.

Ndiye ngati maiko athunthu amasiyana chonchi, Msaka ndi Senga Bay angalephere bwanji kusiyana? Sankhani malamulo amene mukufuna, ine ndilibe nazo. Funso langa ndi limodzi: mwawanena liti? Nkhanga zinapangana kusanache.

Ife ana a asodzi sitiyenera kuchita kuphunzitsidwa zimenezi. Bambo anga akamapita panyanja ndi alovi, kagawidwe kamadziwika boti lisanakankhidwire m'madzi. Ya mafuta ichotsedwa kaye, gawo la mwini zida ndi ili, la siginala ndi ili, la okoka ndi ili. Tayerekezani mwini boti adikire kaye aone kuti usipa wadzaza, kenako anene padooko kuti "lero kagawidwe kasintha". Mawa akwera naye ndani? Dzina lake lifika madooko atatu dzuwa lisanalowe. Pa nsomba timadziwa kuti pangano limayamba, ntchito pambuyo. Pa dayisi tikuiwala bwanji?

*Kumene dayisi imanyamula mamiliyoni amatani?*

Sindikutamanda juga, ndifikako. Koma taonani mmene amachitira anthu amene sakhulupirirana ngakhale pang'ono. M'makasino a ku Las Vegas muli masewera a madayisi awiri otchedwa craps. Woponya amagwira madayisi ndi dzanja limodzi, saloledwa kuwachotsa pamwamba pa tebulo, ndipo ayenera kuwaponya mpaka akagunde khoma la kumapeto kwa tebulo. Khomalo analimata labala wa timapirimapiri kuti dayisi ikagunda ipite kumene palibe angalosere. Madayisi ake ndi oonekera mkati ngati galasi kuti munthu asabisemo cholemera, ali ndi manambala owazindikiritsa, ndipo imodzi ikadumphira pansi wogwira ntchito amaiyang'anitsitsa kaye isanabwerere pamasewera.

Pa mipikisano ya backgammon aliyense amaponya ndi kapu. Makapu ake ambiri ali ndi kamlomo mkati kopunthwitsa dayisi potuluka. Madayisi ayenera kugwera mbali ya kumanja kwa woponya ndi kukhazikika bwinobwino. Imodzi ikadumphira kunja kapena kupendekeka, onse awiri amaponyedwanso. Palibe zokambirana, palibe zoti "koma inali sikisi".

Anthu amenewa anadziwa chinthu chimodzi: dzanja la munthu ndi lochenjera kuposa diso la mnzake. Ndiye anachotsa mpata woti dzanja lichite zake. Ife tili ndi chiyani chotiletsa? Kapu ya pulasitiki yosweka khutu ili m'nyumba iliyonse. Botolo lodula pakati likwanira.

*Za mankhwala, tiyeni tichite samu*

Pali matenda ena oposa onse aja. Munthu akakhala nthawi yaitali osatulutsa mwana, amayamba kuyang'ana mnzake m'chiuno ngati wamanga chithumwa. Mnzake akapeza masikisi otsatizana, mumva, "Uyu wakhwimira dayisi, agogo ake aja si abwino." Poyamba zimanenedwa moseka. Kenako zimatuluka pabolodi n'kulowa m'mudzi, ndipo tonse tikudziwa zimene mawu oterewa achitira agogo osalakwa m'dziko muno. Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Inu mukufuna kukagona kupolisi chifukwa cha kapulasitiki ka madontho?

Tengani cholembera. Dayisi ili ndi mbali 6. Mwayi wa sikisi pa kuponya kulikonse ndi umodzi pa 6. Izi sizitanthauza kuti ukaponya ka 6 sikisi ibwera ndithu, chifukwa dayisi sikumbukira zimene inachita posachedwa. Ilibe ngongole ndi munthu. Pa anthu atatu alionse oponya ka 6, mmodzi sapeza sikisi ngakhale imodzi. Pa anthu 100 oponya ka 10, pafupifupi 16 amakhala akadali m'nyumba. Ngakhale kuponya ka 20 osaona sikisi kumagwera munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 40. Ndiye zikakugwera lero, palibe wakulodza. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nanga masikisi otsatizana? Awiri amabwera kamodzi pa 36. Atatu, kamodzi pa 216. Mumva ngati chinthu chosowa kwambiri eti? Werengani bwino. Mwana mmodzi amayenda mabokosi oposa 50 kuti afike kwawo, ana anayi ndi mabokosi oposa 200. Mukaphatikiza manambala onse a dayisi mumapeza 21, mukagawa ndi 6 mumapeza 3 ndi theka. Ndiye munthu mmodzi kuti alowetse ana onse amafunika kuponya pafupifupi ka 60, osawerengera nthawi yodikira sikisi ndi yodyedwa n'kuyambiranso. Anthu anayi, dayisi imagwa koposa ka 200 pa gemu imodzi. Masikisi atatu kuoneka pafupifupi kamodzi pa gemu ndi samu chabe. Mukasewera tsiku lonse osawaona, pamenepo ndiye muzidabwa.

Ngati mukukayika, kayikirani dayisi, osati agogo a munthu. Dayisi yabwino mbali zake zotembenukirana msana zimakwana 7: wani ndi sikisi, thuu ndi faifi, filii ndi folo. Yang'anani ngati ili choncho. Yang'ananinso ngati siinabenthuke kona, ngati siinapindike ndi moto, ndipo ngati ndi yosema tokha ndi mtengo, onani ngati mbali zake n'zofanana. Mukapanda kukhutira, iponyeni ka 60 ndi kapu, wina azilemba mumchenga. Nambala iliyonse izizungulira pa 10. Ikabwera ka 7 kapena ka 13 si nkhani. Koma imodzi ikabwera ka 25, dayisi imeneyo ipume, mugule ina. Mlandu watha popanda kutchula mtundu wa munthu.

*Ndikudziwa zimene munene*

Ena muti, "Amwene, ndi masewera chabe, mukuchita kulemba kalata yonseyi?" Akanakhala masewera chabe bwenzi anthu sakutukwanirana amayi awo. Ndinaonapo ndi maso angawa anyamata awiri a boti limodzi akukangana masana chifukwa cha dayisi yogwera mumchenga. Usiku womwewo anayenera kukoka chilimira chimodzi, wina mbali iyi, wina mbali iyo. Sabata yathunthu osalankhulana, uthenga kumachita kudutsira kwa munthu wachitatu. Amene anakokapo chilimira akudziwa kuti mbali ziwiri zikapanda kumvana, nsomba zimatuluka mukuona. Ndipo pakati pa nyanja usiku mphepo ikatembenuka, amene angakuponyere chingwe ndi yemwe uja unamubera faifi masana. Ife sitili ngati anthu a m'tauni amene akakangana aliyense amakwera minibasi yake. Timadya mbale imodzi, timamira boti limodzi.

Ena muti malamulo amachotsa kukoma. Kukoma kwa Ludo n'chiyani kodi? Ndi pamene mwana wako watsala mabokosi atatu kuti alowe, mnzako ali kumbuyo kwako akukhutchumula kapu, mtima uli phaphapha, aliyense wakhala chete. Kukoma kumeneko kumabwera chifukwa palibe akudziwa chimene chigwe, ndipo onse avomereza chimene chagwa. Ukadziwa kuti mnzakoyo akalephera abwerezanso ponamizira mchenga, mtima ugundiranji? Wobera amaba zinthu ziwiri, gemu ndi kukoma kwake.

Ena muti, "Tiyeni tingosewera pafoni." Zoona, Ludo King inatuluka ku India mu 2016, n'kufala kwambiri mu 2020 nthawi ya Covid, ndipo pafoni dayisi sigwera mumchenga, sitsamira, palibe wodumpha bokosi. Koma dzifunseni chifukwa chake pafoni mikangano imachepa. N'chifukwa malamulo anakhazikika gemu isanayambe ndipo palibe angawasinthe pakati. Mfundo yanga ndi yomweyo basi. Ndiye tikuvomereza kuti anthu akuluakulu anayi sangasunge pangano pokhapokha makina awagwire dzanja? Komanso amene ali ndi matenda aja sachira ndi foni. Akaluza mumva kuti "ikukondera mwini wake". Kuwonjezera apo kutchaja n'kwa ndalama, ndipo mwini foni akaimbiridwa ndi chibwenzi gemu yonse imaima.

Tsopano za ndalama. Apa ndiye sindinyengerera. Onani pamene ndewu zambiri zimabukira: pamene pansi pa bolodi pali kenakake. Munthu amene angaseke dayisi yotsamira pa gemu yaulere, amasanduka loya pakakhala K500. Ndalama ya usiku wonse wozizidwa, ya ufa, ya sopo, ya mwana kusukulu, ikupita chifukwa cha kugubuduka kwa kapulasitiki. Wadyedwayo amakongola kuti abweze, wadyayo mawa adyedwanso, pamapeto onse awiri ali ndi ngongole kwa amayi ogula usipa, nsomba zisanaphedwe n'komwe. Pitani ku chilumba cha Mbenji ku Salima, kumene a Mfumu Yaikulu Makanjira ndi anthu awo akhala akusunga malamulo awo a usodzi kuyambira zaka za m'ma 1950. Amatseka mu Disembala, amatsegula mu Epulo, ndipo pachilumbapo mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa. Msodzi amauzidwa asanatsike m'boti, ophwanya amathamangitsidwa. Akuluakulu amenewo anaona kale kuti juga pakati pa anthu ogwira ntchito limodzi pamadzi ndi moto. Onaninso kuti malamulo awo amadziwika munthu asanaponye ukonde. N'chifukwa chake amalemekezeka.

*Ndiye nazi zimene ndikupempha*

1. Malamulo onse anenedwe dayisi isanagwe koyamba. Masikisi atatu amapsa kapena ayi? Ana awiri amatseka njira? Ukadya umaponyanso? Polowa kwanu pafunika nambala yeniyeni? Mlendo wochokera dooko lina auzidwe asanakhale pansi. Chimene sichinanenedwe sichigwira ntchito pa gemu imeneyo, chidikire yotsatira.

2. Tiziponya ndi kapu. Khutchumula mpaka anthu amve dayisi ikulira m'katimo, kenako khuthula. Osasuzumiramo, osatsekera ndi chala.

3. Pakhale malo amodzi ogwera dayisi. Pabolodi imagwetsa ana, ndiye bwino mbale yaikulu kapena chivindikiro cha ndowa pambali. Ikagwera kunja ibwerezedwe, kaya ndi sikisi kaya ndi wani. Woitola asatchule n'komwe nambala, kuti mtima wa munthu usawawe pachabe.

4. Yotsamira ibwerezedwe. Mukakayika, ikani chitsekerero cha botolo pamwamba pake. Chikatsetsereka, ponyaninso. Wogunda bolodi ndi bondo ataye ulendo wake.

5. Ukaponya chotsa dzanja. Dayisi ikhale pomwepo mpaka onse aione ndipo mwana wayenda. Woitola ndi amene akubwera pambuyo pako, pokhapokha ngati uli ndi ufulu woponyanso.

6. Werenga mokweza, mwana azigunda bokosi lililonse. Ukamusiya wamusiya, madzi akatayika saoleka. Mwana wa mnzako usamugwire kupatula pomudya, ndipo ukamudya um'bwezere m'nyumba mwake bwinobwino. Zomugenda mumchenga kuti mwini wake azikafunafuna ndi chipongwe.

7. Dayisi ndi imodzi ya anthu onse. Zotulutsa "yanga yamwayi" m'thumba ayi. Amene akuikayikira anene gemu isanayambe kapena itatha, osati pamene yamukana.

8. Oonerera abwere ndi maso okha. Zokhosomola, zoponda mnzako phazi, zoti "taona wofiirayo", ayi. Ngati mukufuna woweruza, musankheni poyamba, ndipo akagamula zatha.

9. Kuuzira dayisi, kuinyengerera, kuitchula mayina okoma, chitani, n'kumene kumasangalatsa. Koma mwachangu, ndipo malovu ayi. Tonse tigwira dayisi yomweyo.

10. Wayamba gemu aimalize. Kuchoka chifukwa bwana waitana kapena mphepo yadekha n'komveka. Kuchoka chifukwa ana ako atatu abwerera m'nyumba ndi chibwana. Mwini bolodi akaipereka pagulu, yakhala ya gulu mpaka gemu ithe.

11. Wopambana aseke, avine ngati akufuna, ife tipirira. Koma mayi a munthu, mkazi wa munthu, chilema cha munthu, mtundu wa munthu, zimenezo sizili pabolodi.

12. Ndalama pabolodi ayi. Ngati mukufuna kuti gemu ikhale ndi mchere, woluza akatunge madzi, atsuke mbale kapena akapise madzi m'boti.

Pa za akuluakulu ndinenepo pang'ono, poti ena amabisala kumeneko. Mkulu akabwera kudzasewera nafe, m'patseni mpando, m'patseni pamthunzi, asankhe mtundu wa ana amene akufuna, ayambe ndi iye kuponya ngati mwagwirizana. Umenewo ndi ulemu ndipo tisausiye. Koma dayisi sidziwa imvi. Madala akaponya wani, ndi wani. Mkulu weniweni sangafune kuti ana amuonjezere nambala, ndipo mkulu amene amabera ana pa Ludo asadzadabwe anawo akadzamubera chigoba cha usipa pathandala. Ana aang'ono amene amatizungulira tikamasewera aja sakuona dayisi yokha. Akuona mmene munthu wamkulu amachitira zinthu zikamuipira.

Chimodzimodzi alongo athu. Mtsikana akakudyera mwana pakhomo penipeni, usayambe zoti "akazi sadziwa malamulo". Wawerenga bwino, wakudya bwino. Bweza mwana m'nyumba, usake sikisi ngati wina aliyense.

Sindikuti mutenge zanga zonse 12. Khalani pansi padooko panu, chotsani zimene simukuzifuna, onjezani zanu. Koma mukagwirizana, tengani cholembera mulembe kuseri kwa bolodi, aliyense aone. Tsiku limene wina adzayambe "pabolodi panga", mudzangodikira gemu ithe, n'kutembenuza bolodi, n'kumuwerengera. Zilembo sizisintha dayisi ikagwa.

Tumizani uthengawu ku magulu a madooko ena, ufike ngakhale kwa anzathu ali ku Joni amene akusewera Ludo m'zipinda za lendi. Amene aukonde, zikomo. Amene akwiye nawo, musalimbane naye, ingomufunsani kuti pa anthu asanu aja iye ndi nambala chani.

Ndatha ine wanu, mwana wa msodzi.